Funsani Tikuyankheni: Kodi Njanji ya Gautrain Inathandiza Chilengedwe Kapena Inachiwononga?

Akonzi,

Kwathu ndi ku Mangochi, koma ndakhala kuno ku Joni zaka 11, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Rosebank. Tamva kuti boma la chigawo cha Gauteng likufuna kutalikitsa njanji ya sitima ya Gautrain kuti idzafike ku Randburg, ku Cosmo City komwe ndimagona, mpaka ku Soweto. Nkhaniyi yatikanganitsa ndi alamu anga. Iwo akuti sitima yoyendera magetsi situlutsa utsi, choncho palibe chimene ingawononge, ndipo aliyense wodandaula ndi wodana ndi chitukuko basi. Koma mayi wachikulire amene ndimawagwirira ntchito amandiuza kuti pamene njanjiyi inkakumbidwa, msewu wa Oxford unatitimira, ndipo fumbi linkalowa mpaka m'makabati a mbale. Kodi akunena zoona ndani? Ngati njanjiyi itafikadi kwathu, tiyembekezere zotani pa madzi, mitengo ndi mpweya umene timapuma?

Wowerenga wa ku Cosmo City, Johannesburg

Bambo,

Alamu anuwo akunena za sitima ikamathamanga, pomwe mayi amene mumawagwirira ntchitowo akunena za zaka zimene njanji inkamangidwa, ndipo aliyense wa iwo wagwira mbali yake ya nkhani. Ine ndimaiona njanji yatsopano ngati katapila amene mzinda umatenga kwa chilengedwe: kuwononga kwakukulu kumachitika koyambirira, nthawi imodzi, sitima isananyamule ngakhale munthu mmodzi, pomwe kubweza kwake kumabwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, ndipo kumadalira chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi chiwerengero cha anthu amene asiyadi galimoto zawo kunyumba n'kukwera sitimayo.

Tiyambe ndi chimene chinamangidwa. Njanji ya Gautrain ndi yotalika makilomita pafupifupi 80 ndipo ili ndi masiteshoni 10, kuchokera ku Park pakati pa Johannesburg, kudzera ku Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand ndi Centurion mpaka ku Pretoria ndi Hatfield, kuphatikizapo nthambi yopita ku Rhodesfield ndi ku bwalo la ndege la OR Tambo. Maganizo ake analengezedwa mu 2000 pamene a Mbhazima Shilowa anali mtsogoleri wa chigawocho, kafukufuku wa mmene ntchitoyi ingakhudzire chilengedwe anayamba mu 2002, ndipo kampani ya Bombela inayamba kukumba mu Seputembala 2006. Gawo loyamba, lochokera ku Sandton kupita ku bwalo la ndege, linatsegulidwa pa 8 Juni 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa dziko lonse uyambe. Makilomita pafupifupi 15 a njanjiyi, kuchokera ku Park mpaka kufupi ndi Marlboro, ali pansi pa nthaka, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani imene mayi aja anakuuzani.

Mbali yaikulu ya mphanga imeneyi anaikumba poboola thanthwe ndi kuliphulitsa, ntchito imene imagwedeza nthaka ndi kutulutsa fumbi ndi phokoso, makamaka pa zitsime zikuluzikulu zimene ankatulutsira miyala ndi kulowetsera zipangizo. Koma makilomita pafupifupi atatu, kuchokera ku Rosebank kulowera ku Park, anadutsa m'nthaka yofewa ndi yonyowa, ndipo kumeneko anagwiritsa ntchito chimakina choboola chochokera ku Germany chimene anachitcha Imbokodo, mawu a Chizulu otanthauza mwala woperera, umene ife tingati mwana wa mphero. M'chaka cha 2008, chimakinachi chili pansi, gawo la msewu wa Oxford ku Rosebank linatitimira n'kusiya chidzenje pakati pa msewu, moti msewuwo unatsekedwa kuti akonze. Choncho mayi aja sanakunamizeni, ndipo inu amene mumadutsa mumsewu umenewo popita kuntchito mumaponda pamalo pamene panachitikira zimenezi.

Komabe chimene chinavuta koposa si dzenje loonekalo, koma madzi osaoneka. Pansi pa mzinda uliwonse pali madzi amene amayenda m'ming'alu ya matanthwe, omwewo amene timawapeza tikakumba mjigo. Mukaboola mphanga yaitali pansi pa mlingo wa madziwo, mphangayo imasanduka ngalande imene imawakoka kuchokera mbali zonse, ndipo ngati makoma ake sanamatidwe bwino, madzi amalowa usana ndi usiku. Izi n'zimene zinachitika pakati pa Rosebank ndi Park. Sitima zinayamba kuyenda kuchokera ku Rosebank mpaka ku Hatfield mu Ogasiti 2011, koma gawo lotsala la ku Park linadikira mpaka Juni 2012 chifukwa madzi ankalowa ochuluka kuposa mmene mgwirizano unalolera, ndipo boma la chigawo ndi kampani yomanga anakokanakokana zaka zingapo pa nkhani ya amene ayenera kulipira ntchito yokonza. Madzi olowa m'mphanga sangasiyidwe, amayenera kupopedwa kosalekeza n'kutayidwa kunja, ndipo kupopako kumadya magetsi. Kwa inu amene mumadziwa mtengo wa madzi othirira kapinga m'miyezi ya chilimwe, taganizirani mzinda umene umagula madzi ochokera kumapiri a ku Lesotho uli pa kalikiliki wotaya madzi a pansi pa mapazi ake. Kuopsa kwina n'kwakuti mlingo wa madzi ukatsika, mijigo yapafupi ingachepe mphamvu, mitengo ikuluikulu ingavutike, ndipo nthaka yofewa ingatsike n'kung'alula makoma a nyumba.

Ku Centurion vuto linali la mtundu wina, ndipo n'loyenera kulimvetsa bwino chifukwa limabwera kulikonse kumene kuli thanthwe lotchedwa dolomite. Thanthwe limeneli ndi lachibale ndi mwala wa laimu, ndipo madzi amalisungunula pang'onopang'ono kwa zaka zikwi zambiri n'kusiya mapanga amene pamwamba pake pamangooneka nthaka wamba yomera udzu. Madzi a pansi akatsitsidwa, kapena paipi ikamadontha pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, dothi la pamwamba limagumukira m'mapangawo ndipo pansi pamatseguka mwadzidzidzi. Anthu a ku South Africa sanaphunzire zimenezi m'mabuku. Mu Disembala 1962, ku mgodi wa golide wa West Driefontein kufupi ndi Carletonville, kumene madzi a pansi ankapopedwa kuti migodi isasefukire, nthaka inameza chinyumba chophwanyira miyala ndipo anthu 29 anafa. N'chifukwa chake omanga Gautrain sanakumbe mphanga ku Centurion. Anaikweza njanjiyo pa milatho yaitali, umodzi wa makilomita oposa atatu, anathira simenti yamadzi m'ming'alu ya pansi kuti ilimbe, ndipo anasamala kwambiri za kumene madzi a mvula ndi a m'mapaipi adzadutse.

Njira imeneyi inateteza anthu, koma nayo ili ndi mtengo wake umene suoneka pa tikiti. Mlatho uliwonse, khoma lililonse la mphanga ndi siteshoni iliyonse ndi konkire ndi zitsulo. Popanga simenti amawotcha mwala wa laimu m'ng'anjo yotentha madigiri oposa 1,400, ndipo mpweya wa carbon dioxide umatuluka kawiri, kuchokera ku malasha owotcherawo komanso kuchokera m'mwala weniweniwo ukamapsa. Pa dziko lonse, mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi 8 pa 100 alionse a mpweya umenewu, womwe ndi umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Onjezerani mchenga ndi miyala yochokera kumakwale, mathiraki a dizilo onyamula dothi kwa zaka zisanu, ndi matope okokolokera m'mitsinje monga Jukskei ndi Hennops mvula ikagwa pamalo ogumulidwa, ndipo muona kuti ngongole ija inali yaikulu ndithu.

Za mitengo ndi malo okhala sindichulukitsa mawu chifukwa zimaoneka ndi maso. Kumene njanji yadutsa pamtunda, nyumba zinagulidwa ndi boma n'kugwetsedwa, mitengo inadulidwa, ndipo mpanda wa mbali zonse ziwiri unadula njira za anthu ndi za tinyama. Anthu a ku Muckleneuk mumzinda wa Pretoria, dera la nyumba zakale ndi mitengo ya jakaranda, anakasuma kubwalo lamilandu mu 2006 pokana kuti njanji idutse pamtunda pakati pa dera lawo, koma njanjiyo inadutsabe. Chimene ndimaonapo ine n'chakuti amene anali ndi maloya anamveka mpaka kukhoti, ndipo ndikukayika ngati munthu wochita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya mwini akanamveka chimodzimodzi.

Tsopano tibwere kwa alamu anu. N'zoona kuti mukaima pa siteshoni ya Sandton, pansi penipeni mutatsika masitepe oyenda okha angapo, sitima imafika popanda fungo la dizilo. Koma utsi wake ulipo, kungoti umatulukira kwina. Pafupifupi 80 pa 100 alionse a magetsi a ku South Africa amachokera ku malasha, ndipo ambiri mwa malo owotchera malashawo, monga Kendal, Duvha ndi Kusile, ali ku Mpumalanga, kufupi ndi tauni ya eMalahleni imene dzina lake lenilenilo likutanthauza kumalasha. Munthu wa ku Sandton amakwera sitima yoyera, ndipo mwana wa ku eMalahleni ndi amene amapuma zotsalira zake.

Ngakhale zili choncho, sitima yodzaza imaposabe galimoto, ndipo imaiposa kutali. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limatsetsereka mosavuta kusiyana ndi tayala pa phula, ndipo anthu mazana angapo amagawana mphamvu imodzi. Tsiku lina m'mawa ndinakwera kuchokera ku Midrand kupita ku Centurion, pamene njanji imayenda moyandikana ndi msewu waukulu wa N1, ndipo pawindo ndinkaona galimoto zitandondozana osasuntha, injini zikulira, pafupifupi iliyonse muli munthu mmodzi yekha atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, ife tikudutsa pa liwiro lofika makilomita 160 pa ola. Aliyense amene watuluka pamzere umenewo n'kulowa m'sitima ndiye akubweza ngongole ija.

Vuto n'lakuti obweza ndi ochepa kusiyana ndi mmene okonza mapulani ankayembekezera. Okwera sanafike pa chiwerengero chimene chinalonjezedwa poyamba, mliri wa Covid-19 unawachepetsanso kwambiri, ndipo boma la chigawo lakhala likulipira kampani yoyendetsa chaka ndi chaka kuti likwaniritse ndalama zimene matikiti sanabweretse. Chifukwa chimodzi mukuchidziwa bwino kuposa ine: mtengo wa tikiti. Siteshoni ya Marlboro ili pakhomo penipeni pa Alexandra, koma anthu ambiri a m'deralo amangoiona sitimayo ikudutsa iwo ali pamzere wa matekisi, omwe ndi maminibasi a kumeneko. Ndiponso masiteshoni ambiri anamangidwa ndi malo aakulu oimikapo galimoto, kutanthauza kuti wokwerayo amayambabe ulendo wake ndi petulo, ndipo konkire ya malo oimikapowo salola madzi a mvula kulowa pansi, amangothamangira m'mitsinje n'kuisefukiritsa. Mbali yabwino ndi yakuti pafupi ndi masiteshoni a Rosebank ndi Sandton pamangidwa nyumba zosanjikizana zogona ndi za maofesi, zimene zimathandiza kuti mzinda ukule chokwera m'malo momangodya minda ndi madambo a m'mphepete.

Njanji ikadzayandikira ku Cosmo City, lamulo la ku South Africa limafuna kuti pachitike kafukufuku wa zachilengedwe ndi misonkhano imene anthu okhudzidwa amalembetsa mayina ndi kupereka madandaulo awo, ndipo wokhala m'deralo angathe kulankhulapo ngakhale nyumba si yake. Mukadzapita, musadzataye nthawi ndi funso loti sitima ili ndi utsi kapena ayi. Mudzafunse kuti njanji idzadutsa pansi, pamtunda kapena pamlatho. Kuti madzi olowa m'mphanga adzapita kuti ndipo adzayezedwa ndi ndani. Kuti nyumba zidzajambulidwa ming'alu yake kuphulitsa kusanayambe. Kuti oyenda pansi adzaolokera pati. Ndiponso, funso limene limaoneka ngati si lachilengedwe koma ndilo lalikulu, kuti tikiti idzakhala ya ndalama zingati poyerekeza ndi tekisi. Mudzawatenge alamu anuwo, akadzimvere okha.

Akonzi,

Ndine namwino ndipo ndimakwera sitima ya Elizabeth line tsiku lililonse popita kuntchito. Nthawi zonse ndimadzifunsa kuti dothi lonse limene linachoka m'mphanga zimenezi linapita kuti, komanso ngati okumba sanasokoneze manda, poti mzinda uno wa London ndi wakale kwambiri.

Wowerenga wa ku Woolwich, London

Mayi,

Njanji imene mumakwerayo, yomwe pomangidwa inkatchedwa Crossrail ndipo inatsegulidwa pa 24 Meyi 2022, ili ndi mphanga zatsopano zokwana makilomita 42 zimene zinakumbidwa ndi makina oboola 8. Dothi lotuluka pantchito yotere limakhala mutu waukulu, chifukwa likangotayidwa limakwirira malo amene akanalimidwa, ndipo kulinyamula pa mathiraki kumadzaza misewu ndi utsi ndi fumbi. Ku London anachita chinthu chimene ine ndimachiona kuti ndi chanzeru kwambiri pa ntchito yonseyo. Matani pafupifupi 3 miliyoni a dothi loyera, lambiri mwa ilo dongo, anawanyamula pa sitima zapamtunda ndi zapamadzi kupita ku Wallasea Island m'chigawo cha Essex, kumene bungwe loteteza mbalame la RSPB linkafuna kubwezeretsa dambo la m'mphepete mwa nyanja limene anthu akale analiumitsa kuti azilimapo. Nthaka ya pachilumbacho inali itatsika kwambiri, choncho dothi la ku London linaikweza n'kuumba timapiri ndi timaiwe, kenaka mu 2015 anagumula mbali ina ya khoma lotchinga nyanja kuti madzi azilowa ndi kutuluka monga ankachitira kale. Lero ndi malo a mbalame za m'madzi. Izi sizikufafaniza simenti imene inalowa m'mphangazo, koma zikusonyeza kuti dothi lokumbidwa limasanduka zinyalala pokhapokha ngati palibe amene analiganizira ntchito isanayambe.

Za manda, mwaganiza bwino. Pa Liverpool Street, pamalo pamene anamangapo khomo la siteshoni yatsopano, panali manda akale otchedwa Bedlam, amene anagwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1569 ndipo munaikidwanso ena mwa anthu amene anafa ndi mliri waukulu wa 1665. Akatswiri ofukula zakale anachotsapo mafupa a anthu oposa 3,000, mmodzimmodzi, ndi timakasu ndi timaburashi, makina akuluakulu asanalowe. Kwathu kuno, kumene manda ali m'manja mwa mfumu ndi adzukulu, ndipo msitu wa kumanda nthawi zambiri ndiwo wokha wotsala m'mudzi wokhala ndi mitengo yachilengedwe, nkhani yotere ikanafuna kukambirana kwa miyezi, osati kalata yochokera kuofesi.

Akonzi,

Tikamachoka ku Chirimba kupita ku Limbe m'mawa timathera nthawi yambiri mu minibasi tikupuma utsi. Kodi sitima yonyamula anthu opita kuntchito ingatheke mu Blantyre popanda kuwononga zambiri?

Wowerenga wa ku Chirimba, Blantyre

Achimwene,

Blantyre ali ndi mwayi, chifukwa njanji ilipo kale. Inafika mumzindawu mu 1908, ndipo imadutsa ku Limbe, pakati pa Blantyre ndi kwanu komweko polowera ku Balaka. Gautrain inakumba njira yakeyake kuyambira pachiyambi, mpaka kukula kwa njanji yake, mamilimita 1,435, n'kosiyana ndi mamilimita 1,067 a njanji zakale za ku South Africa ndi zathu zomwe. Kukonza njira imene ilipo, kuwonjezera malo opatukirana sitima ndi kumanga timasiteshoni tating'ono sikufuna mphanga kapena milatho yaitali, choncho ngongole ya simenti ndi madzi a pansi imakhala yochepa kwambiri. Zovuta zake zikanakhala zina: nyumba, minda ndi misika zimene zayandikira njanji, matope ndi mafuta zolowa mumtsinje wa Mudi umene wadwala kale, ndi mitengo ya m'mphepete, nkhani imene anthu a ku Lilongwe akuikumbukira kuchokera pamene mitengo ikuluikulu inagwetsedwa mu 2021 pokulitsa msewu wa Kenyatta. Lamulo lathu loona za chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu chotere iyambe yaunikidwa ndi kuvomerezedwa ndi bungwe loteteza chilengedwe la MEPA isanayambe.

Pa nkhani ya mphamvu, magetsi athu ambiri amachokera m'madzi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, moti sitima yamagetsi kuno ikanakhala yoyera kuposa ya ku Joni. Koma magetsiwo ndi osakwanira, ndipo tinaona mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Njanji yathu ilibenso mawaya a magetsi, choncho sitima yoyamba ikanayendera dizilo, ndipo phindu lake ku mpweya wa mumzinda likanayezedwa powerenga maminibasi ndi galimoto zimene zachokadi pamsewu wa Masauko Chipembere nthawi ya m'mawa.